Ndevu za a Juwawo

Loweruka lapitali tinali kumanda, kumanga chiliza cha apongozi anga, poti chaka chakwana chimwalirireni. Simenti itayamba kugwira, mmisiri anatola kamsomali n'kufunsa dzina loti alembe. Mkazi wanga Rozina anati, "Lembani kuti Juwawo." Anthu amene anaima kumbuyo anayamba kung'ung'udza, ndipo a Dorika, mayi wamasiye wa kumunsi kwa ngalande, anayankhula mokweza kuti zidzukulu zikadzafika pamenepa sizidzadziwa kuti wagona apa ndani, chifukwa mudzi wonse unkawadziwa kuti a Mandevu. Mmisiri analemba maina onse awiri, lachiwirilo mopanikiza chifukwa malo anachepa.

Munthuyo analibe ndevu. Chibwano chawo chinali see ngati dzira, ndipo lezala sankalidziwa. Ndevu zimene zinawapatsa dzinali zinali za nsungwi, sipoko ndi nthenga ya bakha, ndipo ankayenda nazo paphewa.

Makolo awo anachokera kum'mawa, ku Mozambiki, koma iwo anakulira pa chilumba cha Chisi akutchera mono. Anabwera kumtunda kuno kudzakwatira a Felesiya, monga momwe inenso ndinachokera kwathu ku Songani kudzakwatira mwana wawo. Tonse awiri tinali akamwini: munda wa akazi athu, mango a akazi athu, ngakhale mthunzi umene tinkakhalamo unali wa akazi athu. Mwina n'chifukwa chake sankandichitira manyazi aupongozi kwambiri. Dzina langa sanalitchulepo. Ankangoti "a ku Songani", ngati kuti ndafika dzulo ndipo mawa ndibwerera.

Mudzi wathu uli kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, koma sitili m'sikimumo. Makolo a kuno anakumba okha kangalande kopatutsa madzi otsala mumtsinje, kuti tizilimako mpunga wa m'chilimwe. Ngalandeyo ikayenda pang'ono imagawika pawiri, pamalo amene timati pa mphanda. Mwendo wina umapita kuminda ya mbumba ya a Felesiya, wina kuminda ya mabanja a kumunsi. Kale pa mphanda ankathyolanapo manja. Aliyense akayang'ana madzi ankaona kuti ambiri akupita kwa mnzake.

Mmene ndevu zija zinayambira ndinamva kwa a Felesiya, ndipo iwo ankafotokoza ngati mlandu umene sunaweruzidwe mpaka lero. Ankati tsiku lina amuna awo anabwera kuchokera kunyanja ndi mlamba wamoyo. M'malo mowapatsa kuti akonze ndiwo, anauika m'beseni losambitsira ana, n'kuthiramo madzi a matope, n'kugwada pambali pake. Akathira madzi pang'onopang'ono ndi chikho kumbali ina, mlamba uja unkatembenuka n'kuloza mutu komwe madzi akuchokera, ndevu zake zikunjenjemera. Anaphimba besenilo ndi chiguduli kuti mukhale mdima, n'kumasuzumira pakampata. Mlamba unkachita chimodzimodzi.

"Ana anga ankasambira mumphika," ankatero a Felesiya, "ndiwo tikudya therere, nsomba ili apo ikusamalidwa ngati mlendo wochokera ku Joni."

A Juwawo akamafotokoza ankayambira pa madzi a nyanja ya Chilwa, amene ukamizamo dzanja sulionanso chifukwa cha matope. Ankati nsomba ya mmenemo maso sayithandiza kwenikweni. Mlamba umamva madzi ndi ndevu, ndipo makumba ali ndi kamzere kodutsa m'nthiti kuchokera kumutu mpaka kumchira, kamene iwo ankakhulupirira kuti n'komvera madzi akasuntha. Kamzereko ankakonda kutionetsa ndi chikhadabo nsomba ili kale m'mbale, aliyense akudikira kuti asiye nkhani tidye. Chimene chinkawasautsa chinali chakuti nsomba yopanda manja imadziwa kumene madzi akulowera ndi mphamvu yake, pamene anthu akuluakulu, obatizidwa, akukhapana ndi mipini ya makasu chifukwa chosadziwa zomwezo.

Anayamba ndi ndevu zenizeni za mlamba, koma zitauma zinapotana n'kuyamba kununkha. Ubweya wa kumchira wa ng'ombe unafewa kwambiri. Tsamba la njedza linkathyoka. Pomaliza anakhazikika pa nthenga. Anatenga ndodo ya nsungwi yofika pachifuwa, n'kukhomapo msomali chakumunsi. Pamsomalipo anakolekapo masipoko a njinga olumikiza, moti azitha kupendama uku ndi uku. Kunsonga ya pansi anamangirira nthenga ya bakha yometa, yongotsala kachipyepye, ndipo nsonga ya m'mwamba inkayenda pa chivundikiro cha chitini chimene anachikanda mizere. Akamiza ndodoyo m'ngalande madzi ankakankha nthenga, sipoko n'kupendama. Madzi akakhala amphamvu inkapendama kwambiri. Aliyense ankatha kuona yekha mzere umene yaima. Koma eniakewo mizere sankayiyang'ana kawirikawiri. Ankagunditsa chala kunsonga ya sipoko, n'kutsinzina, ngati munthu amene akumvetsera nyimbo ya kutali.

Akakhala choncho sankafuna phokoso. Ukawapatsa moni ankangokweza chigongono. Amayi opita kukachapa ankasiya nyimbo akamayandikira pa mphanda, n'kukaiyambanso akadutsa. Ankakonda kunena kuti madzi a pamwamba ndi ongodzionetsera, amatengeka ndi mphepo iliyonse, ndipo wofuna kudziwa chimene ngalande ikuchita afunse a pansi. Zomwezo ankazinenanso za anthu, makamaka akamachokera kumsonkhano wa kutchalitchi.

Ndisawakometse kwambiri. Anali munthu wovuta kukhala naye. Munda wawo ankalima ndi a Felesiya okha, iwo ali kuminda ya eni ake kuyeza madzi amene palibe anawatuma. Njinga ikaima pakhomo pawo mwiniwake ankawerenga masipoko pochoka. Abakha a a Felesiya ankathawa akangomva kutsokomola kwawo. Funso losavuta, ngakhale loti kodi adya, ankaliyankha mochedwa mpaka wofunsayo kuiwala kuti anafunsa. Ndipo sankafuna kutsutsidwa.

Izi tinazionera pa mlangizi wina wa zaulimi, mayi wachitsikana amene ankabwera panjinga. Anamva za ndevu n'kupempha kuti azione. Anaziyamikira, anafunsa mafunso ambiri, a Juwawo n'kumamwetulira. Kenaka anati, "Agogo, chida chanuchi chikukuuzani kuthamanga kwa madzi, koma osati kuchuluka kwake. Taonani, mwendo uwu ndi wopapatiza, madzi akuthamanga koma ndi ochepa. Uwo ndi wotakata, akuyenda pang'onopang'ono koma ndi ambiri. Mizere ikafanana pamenepa ndiye kuti wina akudyeredwa."

A Juwawo anazula ndodo yawo, n'kuikutumula, n'kumapita kunyumba osatsazika. Masiku angapo sanaoneke pa mphanda, ndipo pakhomo ankangolankhula za ana a sukulu amene sanagwirepo nkhafi. Kenaka m'mawa wina a Felesiya anapeza khola la mbuzi lilibe chitseko. Matabwa ake anali pa mphanda. Amuna awo anali m'matope mpaka m'mawondo, akumanga zipata ziwiri zofanana kutakata ndi kuya, kuti madzi a miyendo yonse azidutsa pakamwa pofanana. Mlangizi uja atabweranso, a Juwawo anamupatsa makumba owamba okulunga m'pepala, osanena kuti ndi a chiyani. Kuchokera pamenepo ndewu za pa mphanda zinazilala. Anthu ankatsutsanabe, koma ankatsutsana atawerama, akuloza mzere pa chitini.

Chaka chimene anthu adzawakumbukira nacho ndi 1995, chimene nyanja inauma. Mvula inali itagwa yochepa, ndipo pofika nthawi imene mpunga wa m'chilimwe umayamba kutenga mimba, ngalande inali kamkodzo chabe. Minda ya kumunsi inayamba kung'aluka, mpunga kufiira nsonga. Koma ya mbumba ya a Felesiya inali yobiriwirabe.

A Dorika anawapeza a Juwawo pa mphanda, ine ndili pomwepo ndi khasu langa. Mayi ameneyu ankalera yekha zidzukulu zimene mwana wake anamusiyira, ndipo kamunda ka mpungako kanali chuma chake chonse.

"A Mandevu," anatero, "ndevu zanuzi nazo zinakwatira kwa a Felesiya?"

"Bwanji, mayi?"

"Kwanu kukubiriwira. Kwathu mukaponda pakulira ngati chigaza."

A Juwawo anamiza ndodo pa chipata china, kenaka pa chinzake, n'kuwaitana kuti aone okha. Mizere inafanana.

"Ine mzere sindidya," anatero a Dorika. "Mundiuze kumene madzi anga akupita."

Atachoka mayi aja, a Juwawo anatsikira m'mwendo wa kumunsi n'kuyamba kuutsatira, akumiza ndodo pang'ono pang'ono m'mphepete. Ine ndinkawatsata pamtunda. Mwendo umenewo usanafike kuminda ya eni ake umayamba wayenda m'malire a munda wa a Chikopa, achimwene awo a a Felesiya, amene anali mwinimbumba. Titafika pamenepo a Juwawo anaima. Pamwamba madzi ankayenda bwinobwino kulowera kumunsi, atanyamula tizitsotso. Iwo anamiza ndodo mpaka pansi penipeni, n'kuitembenuza pang'ono.

"A ku Songani, tagwirani apa."

Ndinagunditsa chala pa sipoko. Inkakoka, koma osati kulowera kumunsi. Nthenga ija inali italoza m'khoma la ngalande, kumunda kwa a Chikopa, ikunjenjemera ngati ikufuna kulowa m'dothimo.

"Nkhanu," anatero. "Yaboola una."

"Nkhanu yake yaikulu bwanji, bambo?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuzindikira kuti ndafunsa zopusa.

Madzulo ake anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa alamu awo. A Chikopa sanali munthu woipa. M'zaka zimenezo anali ataika m'manda ana a alongo awo motsatizana, ndipo ana amasiye onse ankadyera pakhomo pawo. Tinawapeza pakhonde akusoka thumba, tiana tili mbwee pabwalo. Atalonjerana, a Juwawo anayamba ndi za kutentha, za mbalame zimene zathawa kunyanja, kenaka anati:

"Alamu, m'malire mwanu muja nkhanu yaboola una. Madzi a anzathu akuthawira mmenemo."

A Chikopa sanakweze mutu. "Nkhanu ndi za Mulungu."

"Indedi. Koma una umenewo utati watsekedwa lisanafike Lamulungu, ine sindinaone kanthu, ndipo a ku Songani awa maso awo ndi ovuta."

A Chikopa anaika singano pansi n'kuloza pabwalo. "Mukuwaona awo? Ena ndi zidzukulu zanu zomwe. Mpunga umenewo ukauma mudzawaphikira nthenga?"

"Kwa a Dorika kulinso ana."

"A Dorika ali ndi abale awo. Ine ndili ndi awa." Anapuma, kenaka mawu anakwera. "Inu alamu, munabwera muno ndi mkeka ndi mono basi. Tinakupatsani mkazi, tinakupatsani pogona. Lero madzi a mudzi uno mukuwadziwa kuposa eni ake?"

A Juwawo anayang'ana pansi, n'kuthokoza chifukwa cha mkazi ndi pogona, ndipo sankanyogodola, ankathokozadi. Tinatsazika. Titafika pa mpanda wa kwawo anandifunsa ngati kwathu ku Songani ndili ndi pokafikira zinthu zitavuta. Ndinati ndili napo. Anati ndi bwino munthu kukhala napo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi anthu a miyendo yonse anasonkhana pa mphanda, ambiri asanavule n'komwe zovala za kumapemphero. A Dorika anafunsanso funso lawo lija pamaso pa onse. A Juwawo anayang'ana alamu awo. A Chikopa anayang'ana kumapiri a Zomba. Ndiye a Juwawo anavula jekete, n'kundipatsa, n'kubwereka khasu kwa munthu amene anali pafupi. Anthu anawatsatira m'mbali mwa ngalande mpaka pamalire paja. Sanatchule dzina la munthu. Anangokumba. Khasu litagunda chinthu cholimba anagwada, n'kulowetsa manja m'matope, n'kusolola nsungwi yaikulu yobooledwa mfundo zonse, madzi akutuluka kumapeto kwake. Anaigoneka pa udzu n'kuyamba kutseka dzenje lija ndi dothi, mofatsa, akupondaponda ndi chidendene.

A Chikopa anayandikira.

"Mwandivula pamaso pa anthu, alamu. Pakhomo pa mlongo wanga muchokepo."

Onse anatembenukira kwa a Felesiya. Nsungwi ija inkathiriranso munda wawo womwe, umene anaulima okha, kuwokera okha, kupalira okha. Anaima atagwira Baibulo lawo pachifuwa, akuyang'ana matope a m'thalauza la amuna awo. Kenaka anatembenuka n'kumapita.

M'mawa mwake a Juwawo anapinda mkeka, anatenga ndodo yawo, n'kulunjika kum'mawa. Nyanja inali itathawa kale kutali, ndipo anthu anali atayamba kupita ku Chisi wapansi. Rozina anathamangira kwa amayi ake akulira, kuti awaletse. A Felesiya anali kusesa pabwalo ndipo sanasiye.

"Asiye apite," anatero. "Akadye nthenga zawozo."

Ndimafuna ndikanatha kunena kuti chilungamo chija chinapulumutsa minda. Sichinatero. Madzi anayendadi mofanana, koma sipanapite nthawi mtsinje unaima, ngalande n'kusanduka njira ya mbuzi. Mpunga unauma mbali zonse. Wa mbumba ya a Felesiya, umene mwina ukanacha nsungwi ija ikanakhalapobe pang'ono, unafera m'mimba. Ana a pakhomo pa a Chikopa anagona ndi njala chaka chimenecho, ndipo ndinawaona ndi maso anga akukumba zikhawo, timizu todya pa njala, m'dambo louma. Anthu ena, ngakhale a kumunsi omwe, ankati a Mandevu apasula banja chifukwa cha madzi amene anali kutha kale. Mpaka lero ndikamaganiza za tiana tija sindipeza yankho losalala. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu uja anamva sipoko ikukoka pa chala chake, ndipo atamva sakanathanso kukhala ngati sanamve.

A Dorika anakololako kanthu kochepa, kambiri kali mankhusu. Atapeta, anatenga gawo lina m'kambale n'kukaliika pakhomo pa a Felesiya.

"Uwu ndi wa a Mandevu," anatero. "Musunge, ndi mbewu."

"Munthu wake kuno kulibe."

"Ndikudziwa. Koma kwina koti ndikausiye sindikukudziwa."

Kambale kaja kanakhala pakhonde tsiku lonse, a Felesiya akukalambalala, akungothamangitsa nkhuku zikayandikira. Dzuwa litapendeka anabwera kwathu n'kuima patali monga mwa ulemu wa apongozi.

"Bambo a Tiyese," anandiitana ndi dzina la mwana wanga woyamba, "mawa mundiperekeze."

Tinanyamuka kukucha. Amene sanaione nyanja ya Chilwa itauma sangamvetse. Pamene tinkapalasa bwato panali dothi lotuwa, long'aluka ming'alu yolowa phazi, pamwamba pake mchere uli mbuu. Mabwato anali ngundangunda pouma, ena atang'ambika ndi dzuwa. Miono yothyoka, zigoba za nkhono, mafupa a nsomba. Kutsogolo kunkanyezimira ngati kuli madzi, ukafikako n'kupeza fumbi lomwelo. Njinga zinkatidutsa zitanyamula anthu, zikuliza belu pakati pa nyanja. A Felesiya anali munthu wamkulu kale, miyendo yotupa, koma anakana kukwera. Anavula nsapato n'kuzisenza pamutu pamodzi ndi kamtolo kawo. Ulendo wonse analankhula kamodzi kokha, kundiuza kuti tsiku limene amuna awo anabwera kudzafunsira mbeta anadutsa pomwepa, ndipo bwato linawalowera madzi, anafika kwa makolo awo thalauza lili chonyowa.

A Juwawo tinawapeza kwa mphwawo wina, kumbali ya chilumba yoyang'ana kwathu. Anakhala pa bwato lovundikira pansi pa mtengo, ataonda, kolala ya malaya ikulendewera. Ndodo ija anaizika m'dothi chozondotsa, nthenga ili m'mwamba, chala chili pa sipoko. Posowa madzi anali kuyeza mphepo.

Atationa anaimirira, kenaka anakhalanso. Anayang'ana mapazi a akazi awo, oyera ndi mchere, ong'ambika zidendene.

"Mayi a Rozina, mwabwera wapansi?"

"Nanga bwato liyenda pafumbi?"

Mphwawo anabweretsa mpando ndi madzi. A Felesiya anamwa, anatsuka kumaso, anafunsa za moyo wa onse a pakhomopo mmodzimmodzi, osafulumira. Atatha anatembenukira kwa amuna awo.

"Mvula ili pafupi. Denga silinafoleredwe. Nyamukani."

"Alamu akudziwa kuti mwabwera kuno?"

"Achimwene ali ndi nyumba yawo. Ija ndi yanga."

A Juwawo anati, motsitsa mawu, "Ndikadzapezanso nsungwi ina, ndidzaifukula."

"Ndikudziwa," anatero a Felesiya. "N'chifukwa chake ndachedwa kubwera."

Tinabwerera tsiku lotsatira, iwo awiri patsogolo, ine pambuyo ndi mkeka. Denga analifolera, ndipo ndi ntchito yokhayo ya pakhomo imene ndinawaona akuigwira mpaka kumaliza popanda kukumbutsidwa.

A Chikopa sanawakhululukire. Sanabwerezenso mawu owathamangitsa, poti mlongo wawo anali atayankha kale ndi mapazi, koma kuyambira pamenepo amuna awiriwa akakumana panjira ankangopatsana moni wa alendo. Nyanja itabwerera ndi ngalande kuyambanso kuyenda, a Juwawo anabwerera pa mphanda, ndipo a Chikopa akafuna kudziwa za madzi ankatuma munthu. Zaka zotsatirazo maso a a Juwawo anachita ng'ala, koma ntchito yawo sinasinthe kwenikweni, poti ankayeza chotsinzina kale. Chifuwa ndi chimene chinawagoneka. Pa matenda onse a Chikopa sanapondepo pakhomo. Koma m'mawa wa tsiku la maliro tinamva nkhwangwa, ndipo tinapeza kuti agwetsa mtengo wawo wa mango, umene unkadyetsa ana aja, kuti pachekedwe matabwa a bokosi. Pamaliro anakhala kutali, chipewa chili pabondo, ndipo atapemphedwa kuti alankhule monga mwinimbumba anapukusa mutu.

Ndodo ija tsopano ili ndi mwana wamwamuna wa mchemwali wa a Dorika. Akuti ikugwirabe ntchito, ngakhale anthu amadandaula kuti iye amayankha msanga kwambiri, ndiye savuta kumukayikira.

Kuseri kwa nyumba ya a Felesiya kuli kachisakasa kamene a Juwawo ankakonzeramo zinthu zawo. Titachoka kumanda Loweruka lija ndinapitako kukafuna chingwe. Mzati umodzi wadyedwa ndi chiswe, denga lapendekera kumbali ya nthochi. Mavu amanga pa mtanda. Pansi pali chitsa chimene ankakhalira, chosalala pamwamba, ndipo kutsogolo kwake dothi linakumbika timaenje tiwiri pamene zidendene zawo zinkapondera. M'chigoba cha wailesi yakufa nkhuku yaikiramo mazira.

Ndinauza a Felesiya kuti chisakasacho chidzagwera munthu, ndi bwino ndichiphwasule, mitengo yake ikhale nkhuni. Anali atakhala pamkeka akusankha nyemba, ndipo anayamba amaliza zimene zinali m'dzanja.

"Chisiyeni chidzagwe chokha," anatero. "Pakhomo pano apongozi anu anachokapo kamodzi ine ndikuyang'ana. Kachiwiri ayi."

Ndinasiya. M'mawa uliwonse amasesa pabwalo mpaka pakhomo pa chisakasacho, n'kulekeza pomwepo. M'kati salowamo, ndipo masamba a nthochi amene mphepo yalowetsamo akungounjikana mozungulira chitsa chija.